Mafunso ndi mayankho: kuphunzira Chingerezi kwa ife amene lilime linakulira m'Chichewa

Ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi kuno ku Dedza kwa zaka zambiri, m'mawa ana a sekondale, madzulo akuluakulu amene abwerera kusukulu kudzalembanso mayeso a Fomu 4. Mafunso awa amandipeza kulikonse, m'kalasi, pa depoti, ngakhale pamaliro tikakhala pansi pa mtengo. Ena amafunsa ndi ana, ena makolo awo, ena amayi a geni. Chimene ndaona pa zaka zonsezi n'chakuti zolakwitsa zathu zambiri sizichokera ku kuuma mutu ayi. Zili ndi kwawo, ndipo kwawoko ndi m'Chichewa chathu chomwechi. Munthu akadziwa pamene ziyankhulo ziwirizi zikuyendera limodzi ndi pamene zasiyana njira, amasiya kungoloweza n'kuyamba kumvetsa.

Aphunzitsi, ndiyambire pati, pa galamala kapena pa kuloweza mawu?

Yambirani pa ziganizo zathunthu zimene mudzazifuna mawa m'mawa. Mayi wina wogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu wa M1, pamphambano yopita ku Bembeke, anabwera m'kalasi yanga yamadzulo ali ndi kope lodzaza mawu: "potato", "bucket", "price", "cheap". Onsewo ankawadziwa bwinobwino. Koma galimoto ya alendo ikaima, kukamwa kunkangouma gwa, chifukwa mawu amodziamodzi sagulitsa mbatata. Tinatseka kope lija n'kulemba ziganizo zisanu zokha pa chidutswa cha katoni: "How many buckets would you like?", "They are fresh from the garden", "That's my last price", "I'm sorry, I have no change", "Thank you, have a safe journey". Anazinena mokweza sabata yathunthu, popita kumjigo, potsuka mbale. Patatha mwezi anandifunsa yekha chifukwa chake timati "they are" osati "they is". Galamala inalowera pamenepo, mwini wake ataifuna, ndipo sanaiiwalenso.

Nanunso ganizirani malo amene mumafikako kawirikawiri, kaya ndi kubanki, kuchipatala kapena pachipata cholowera ku Mozambique, mulembe ziganizo zisanu za malo aliwonse.

Nthawi za mneni zimandisokoneza. Kodi pali njira yachidule?

Ilipo, ndipo muli nayo kale pakamwa. Tengani mneni mmodzi, kudya, mumuyendetse m'Chichewa. Ndikudya ndiye "I am eating". Ndimadya ndiye "I eat". Ndadya ndiye "I have eaten", ndinadya "I ate", ndinkadya "I used to eat", ndidzadya "I will eat". Timaphatikizo tating'ono tili pakati pa mawu athuwa, ku, ma, a, na, nka, dza, tikugwira ntchito yomweyo imene Chingerezi chimagwira ndi "am", "have", "will" ndiponso posintha mathero a mneni. Mwana wa zaka zisanu wa ku Linthipe sasokoneza ndimadya ndi ndikudya. Nzeru ya nthawi ali nayo kale, akungosowa mawu a Chingerezi oikapo.

Koma pali malo angapo pamene mlatho umenewu umathyoka, ndipo ana ambiri amagwera pomwepo. Ife timatha kunena kuti ndabwera dzulo, palibe wotidzudzula. Chingerezi sichilola. Mukangotchula nthawi imene inapita kale, monga "yesterday", "last week" kapena "in 2020", mawu oti "have" achoke: "I came yesterday", osati "I have come yesterday".

Pena timaika ku pamene Chingerezi chimakana "ing". Ndikudziwa ndi "I know", ndikufuna ndi "I want", ndikukumbukira ndi "I remember". Ndili ndi ana atatu ndi "I have three children", osati "I am having three children", ngakhale mumamva anthu ovala mataye akutero. Pena ndiye zimatembenuka. Ndatopa, wagona, wavala jekete zimaoneka ngati zochitika kale, chonsecho zikunena mmene zinthu zilili panopa: "I am tired", "she is asleep", "he is wearing a jacket". Ndipo mukafuna kunena kuti ndili pano kuyambira m'mawa, nenani "I have been here since morning". Mawu oti "since" amaloza poyambira, "since 2019", pamene "for" amayeza kutalika kwa nthawiyo, "for six years".

Aneni osatsata lamulo la "ed", monga "go, went, gone" ndi "take, took, taken", alipo pafupifupi 200. Amenewa alibe chidule. Aimbeni atatuatatu ngati nyimbo yapamtondo, muyambe ndi amene mumakumana nawo tsiku ndi tsiku.

Ndimadziwa kusiyana kwa "he" ndi "she", nanga bwanji poyankhula ndimasakaniza?

Chifukwa Chichewa sichikufunsani funso limenelo. Iye ndi iye basi, ndipo wabwera sanena ngati wabwerayo ndi mwamuna kapena mkazi. Chiyankhulo chathu chimasamala zina, magulu a mayina: munthu wabwera, galimoto yabwera, chimanga chabwera, katundu wabwera. Zimenezi n'zovuta kuposa "he" ndi "she", koma inu simuphonya. Vuto si kudziwa, ndi kuzolowera kwa lilime. Tengani mphindi ziwiri mufotokoze tsiku la amayi anu mokweza, chiganizo chilichonse chiyambe ndi "she": "She wakes up early. She sweeps the yard. She cooks for us." Mawa mufotokoze la bambo anu ndi "he". Mukatero mukupheratu ndi vuto lina, ka "s" kaja kamene timakaiwala pa "wakes", "sweeps" ndi "cooks". Timakaiwala chifukwa Chichewa chimasintha mawu kumayambiriro, pamene Chingerezi chimasintha kumathero, kumene khutu lathu silinazolowere kudikirirako.

Anzanga amandiseka pa l ndi r. Nditani?

Choyamba dziwani kuti amene akukusekaniwo ali ndi vuto lomwelo, angokhala kuti sanagwidwe. M'Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi. Polemba timaika r pambuyo pa i ndi e, monga mbiri ndi lero, koma wina akanena mbili palibe amene amasokera. M'Chingerezi ndi maliwu awiri osiyana ndipo amasintha tanthauzo: "pray" ndi "play", "grass" ndi "glass", "correct" ndi "collect", "arrive" ndi "alive". Mankhwala ake ali pansonga ya lilime. Pa l, nsonga ya lilime imagunda nkhama kuseri kwa mano akumwamba. Pa r siigunda paliponse, imangopindikira m'mbuyo pang'ono. Nenani "light" kenako "right" pang'onopang'ono, muzimvetsera pamene lilime lafika.

Malembo a th ndi ph ndiwo amatinamiza kwambiri chifukwa timawadziwa kale, koma ndi maliwu ena. Th wathu wa mu thobwa ndi t wotuluka ndi mpweya, ndipo iyeyo ndi amene ali mu "tea" ndi "time". Ph wa mu phiri ndi amene ali mu "pen" ndi "pay". Apa ndiye tili ndi mwayi umene anthu a ziyankhulo zina alibe. Koma th wa Chingerezi wa mu "think" ndi "this" amafuna lilime lituluke pang'ono pakati pa mano, ndipo ph wawo ndi f, monga mu "phone".

Kenaka pali malembo a liwu. Ife tili ndi maliwu asanu, a e i o u, ndipo timawatchula monga alembedwera. Chingerezi chili ndi malembo 26 koma maliwu ake ndi pafupifupi 44, n'chifukwa chake kalembedwe ndi katchulidwe sizigwirizana. "Live" ndi "leave", "full" ndi "fool", "work" ndi "walk" kwa ife zimamveka chimodzimodzi kufikira khutu litaphunzitsidwa. Komanso pafupifupi phatikizo lililonse la Chichewa limathera pa lembo la liwu. Ndimo tinapangira sukulu, buledi, tebulo ndi sitolo, mawu abwino a Chichewa amene sitiyenera kuchita nawo manyazi. Koma poyankhula Chingerezi phunzirani kutseka mawu pa lembo lopanda liwu, "bread" athere pa d, "school" athere pa l, osawonjezera kanthu.

Ine sindifuna kuti mwana wa ku Mayani aziyankhula ngati wobadwira ku London. Anthu a ku Nigeria, India ndi Jamaica amayankhula Chingerezi ndi malilime akwawo ndipo dziko limawamva. Konzani maliwu okhawo amene amasintha tanthauzo.

Nanga timawu toti "a", "an" ndi "the" timagwira ntchito yanji? M'Chichewa mulibemo.

Mulibe, koma ntchito yake timaigwira m'njira ina. Tamverani: ndagula mbuzi, mbuziyo ndi yakuda. Mbuzi yoyamba womvera sakuidziwa, ndiye "I have bought a goat". Yachiwiriyo waidziwa tsopano, n'chifukwa chake tawonjezera yo, ndiye "The goat is black". Paliponse pamene mungaike yo, uja, ija kapena chija, yesani "the". Galu uja wabweranso: "The dog is back."

Kusankha "a" kapena "an" kumatsata liwu, osati lembo. Timati "an hour" chifukwa h samveka, "a university" chifukwa mawuwo amayamba ngati yu, ndi "an MSCE certificate" chifukwa M timamutchula kuti em.

Pali mayina ena amene Chingerezi sichiwawerenga, choncho salandira "a" kapena "s": "advice", "information", "furniture", "luggage", "equipment". Ife timati malangizo, mipando, zipangizo, zonse zochuluka, ndiye dzanja limangolemba "advices" ndi "equipments". Okonza mafunso a mayeso amaikonda kwambiri mbuna imeneyi. Nenani "some advice" kapena "a piece of advice".

Ndinapempha chinthu mu ofesi m'Chingerezi, munthu n'kukwiya. Ndinalakwitsa pati?

Funso limeneli limandikhudza, chifukwa ndaona anthu aulemu wawo akuoneka amwano popanda kudziwa. Mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa, wogwada popereka moni kwa akulu, anapita kukatenga fomu mu ofesi ina n'kunena kuti "Give me the form". M'mutu mwake ankati ndipatsenikoni fomu. Ulemu wonse unali mu ni ndi ko, koma pomasulira unatsala m'njira, n'kufika lamulo lokhalokha.

Chingerezi chili ndi "you" mmodzi yekha, wa mwana ndi wa mfumu yemwe. Chilibe iwe ndi inu. Ulemu wake chimaubisa m'mawu oti "could", "would", "may" ndi "please", komanso posandutsa pempho kukhala funso. Ndipatsenikoni fomu ndi "Could I have the form, please?" Ndimafuna ndionane ndi abwana ndi "I would like to see the manager". "I want" musiyeni kunyumba. Simunamve bwino? "Sorry, could you say that again?" Akuthamanga poyankhula? "Could you speak more slowly, please?" Ziganizo ziwiri zomalizazi ndi zimene ndimayamba kuphunzitsa aliyense, chifukwa munthu amene angathe kupempha kuti abwereze sachita mantha kuyamba kucheza.

Zikomo wathu amasenza katundu wambiri. Pothokoza ndi "thank you", podutsa pakati pa anthu ndi "excuse me". Odi pakhomo la ofesi ndi "May I come in?" Pepani wopepesa wolira ndi "I'm sorry for your loss". Ndipo mukatuluka pang'ono n'kunena kuti ndikubwera, musati "I'm coming", mlendo adzadabwa kukuonani mukupita. Nenani "I'll be right back". Pa mayina, "Mr" ndi "Mrs" amayenda ndi dzina la bambo kapena la mfunda, osati dzina loyamba lokha. Ngati dzina simukulidziwa, "Sir" kapena "Madam" akwana.

Chifukwa chiyani aphunzitsi amadula "borrow me your pen"? Aliyense amatero.

Aliyense amatero chifukwa tonse tikumasulira ndibwereke cholembera. M'Chingerezi wotenga ndiye amachita "borrow", wopereka amachita "lend". Choncho ndi "Lend me your pen" kapena "May I borrow your pen?"

Awa ndi amodzi mwa malo amene mawu amodzi a Chichewa amagawika pangapo. Kumva ndiye mfumu yake. Timamva phokoso, timamva kuwawa, timamva fungo, timamva zimene aphunzitsi anena. Chingerezi chimafuna "hear" pa phokoso, "feel" pa ululu, "smell" pa fungo, "understand" pa phunziro. Kukhala nakonso: khalani pansi ndi "sit", ndimakhala ku Lobi ndi "live", ndikhala masiku awiri ku Ntcheu ndi "stay". Mankhwala ife timamwa, ngakhale a mapiritsi, koma iwo amati "take medicine". Wailesi timatsegula, iwo amati "turn on the radio". Kwambiri ndi "very" kapena "very much". "Too much" amatanthauza kupyola muyeso mpaka kuipa, choncho "I like it too much" sakuyamikira monga mukuganizira.

Pa ubale ndiye zimasinthana, Chingerezi n'chimene chimasauka. Bambo aang'ono, bambo aakulu ndi amalume onse ndi "uncle". Mayi aang'ono ndi azakhali onse ndi "aunt". Mwana wa mayi anu aang'ono, amene kwathu kuno ndi m'bale wanu weniweni, iwo amamuika pamodzi ndi msuweni n'kumutcha "cousin". Pa mayeso lembani momwemo. Koma mukamacheza ndi mlendo musaope kumufotokozera kuti "he is my mother's brother, and in our family he has a big say", chifukwa mawu oti "uncle" sanyamula udindo wa mwinimbumba.

Akandifunsa kuti "Haven't you eaten?" ndiyankhe "yes" kapena "no"?

Apa pamasokonekera zinthu zenizeni, ngakhale kuchipatala. Ife tikafunsidwa kuti simunadye, timati eya, kutanthauza kuti mwanena zoona, sindinadye. Timavomereza wofunsayo. Chingerezi sichiyang'ana wofunsa, chimayang'ana chochitikacho. Ngati simunadye ndi "No, I haven't". Ngati mwadya ndi "Yes, I have". Musayankhe ndi liwu limodzi lokha, malizitsani kachiganizoko, ndipo simudzasocheretsa munthu.

Eti wathu nayenso alibe mnzake mmodzi. "Isn't it?" sakwanira paliponse: "You are coming, aren't you?", "She passed, didn't she?"

Aperekezi monga "in", "on" ndi "at" ndiwaloweze bwanji?

Yambirani pa mu, pa ndi ku. Kawirikawiri mu ndi "in", m'nyumba "in the house". Pa ndi "on" mukanena za pamwamba pa chinthu, patebulo "on the table", koma ndi "at" mukanena za malo, pachipata "at the gate". Ku ndi "to" ngati mukupita, "at" kapena "in" ngati mwafika kale: ndikupita ku Golomoti "I'm going to Golomoti", ndili ku Golomoti "I'm in Golomoti". Pa nthawi, ola limatenga "at", tsiku "on", mwezi ndi chaka "in": "at seven", "on Monday", "in July".

Zotsalazo zilibe chifukwa chomveka, ndi chizolowezi chawo basi. M'basi ndi "on the bus" koma m'galimoto yaing'ono ndi "in the car". Tikambirane za nkhaniyi ndi "let's discuss the matter", popanda "about". N'chifukwa chake ndimati mperekezi musamuloweze payekha. Lowezani "good at", "afraid of", "married to", "interested in" ngati liwu limodzi.

Ndiyenera kudziwa mawu angati kuti ndizitha kuwerenga nyuzipepala?

Si ambiri monga mukuopera. Akatswiri amene anawerengetsera mawu m'nkhani zolembedwa anapeza kuti mawu pafupifupi 2,000 obwerezedwabwerezedwa ndi amene amadzaza pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10 a nkhani wamba. Tsoka lake ana athu amathamangira mawu ataliatali oti akagometse nawo anzawo pa mtsutso, pamene "get", "put", "take" ndi "make" sanawagwire. Mawu afupiafupiwa ndi amene ali ndi ntchito zambiri. Onani "put on" kuvala, "put off" kuimitsa kaye, "put out" kuzimitsa moto, "put up with" kupirira.

Khalani ndi kope laling'ono lolowa m'thumba. Mawu atsopano muwalembe pamodzi ndi chiganizo chimene mwawapezamo, kenaka mupange chanuchanu chonena za kwanu. Muwonjezere abale ake: "decide, decision, decisive". Asanu pa tsiku akwana, bola muwabwereze mawa lake, sabata yamawa, ndi mwezi wamawa. Mtanthauziramawu wa Chichewa ndi Chingerezi, monga uja analemba Steven Paas, ndi wothandiza poyamba. Mukafika Fomu 3 zolowerani wa Chingerezi chokhachokha wolembedwera ophunzira, chifukwa amaonetsa mmene mawuwo amakhalira m'chiganizo.

Kumudzi kwathu kulibe woyankhula naye Chingerezi. Ndiphunzira bwanji?

Wailesi ilipo. MBC ndi Zodiak amaulutsa nkhani m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe. Mverani za Chichewa kaye kuti mudziwe zimene zachitika, kenaka za Chingerezi. Popeza nkhaniyo mukuidziwa kale, khutu limakhala ndi mpata wotola mawu. Nyuzipepala yakale ya The Nation kapena The Daily Times, ngakhale imene anakulungira usipa, ili ndi ndime yoti muiwerenge mokweza. Ngati muli ndi foni yojambula mawu, dzijambuleni mukuwerenga, mudzimvere nokha. Zimachititsa manyazi tsiku loyamba lokha.

Pezaninso mnzanu mmodzi, mupangane kuti popita kuchigayo muziyankhula Chingerezi chokhachokha, pobwerera Chichewa.

Ndipo tisamaiwale kuti boma lathu lino limalandira alendo. Amabwera kudzaona zojambula zakale za pamiyala ku Chongoni, malo 127 amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Amapita ku Mua, mishoni imene inayamba mu 1902, kukaona za Gule Wamkulu ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Amakwera phiri la Dedza, amagula mbale ndi makapu ku Dedza Pottery. Ntchito imene ndimapatsa ana anga ndi iyi: fotokozera mlendo malo amodzi akwanu m'ziganizo zisanu. Mtsikana wina wa Fomu 2, amene m'kalasi sankatukula mutu, anaimirira n'kunena kuti "The red paintings are older than the white ones. My grandmother knows what the white ones mean, but she does not tell men." Kalasi yonse inakhala chete. Anali ndi chonena chimene buku linalibe, ndipo Chingerezi chinatsatira pambuyo.

Kodi n'zoona kuti ukalephera Chingerezi walephera MSCE yonse?

N'zoona. Kuti bungwe la MANEB likupatseni satifiketi ya MSCE, Chingerezi chiyenera kukhala pakati pa maphunziro amene mwakhoza. Magiredi amayenda kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Ndaona ana okhoza masamu ndi sayansi akukhala pakhomo chifukwa cha phunziro limodzili, ndipo zimandiwawa chaka chilichonse.

Malikisi ambiri amatayikira pa chimangirizo. Mwana amafuna kulemba chiganizo chotalika ngati msewu wa ku Golomoti, chokhotakhota, mneni n'kutayika pakati. Lembani ziganizo zazifupi zolondola. Sankhani nthawi imodzi ya mneni, ngati ndi nkhani yakale ikhale yakale mpaka kumapeto. Miyambi yathu musaitembenuze liwu ndi liwu, wochonga sadzaiwerengera. Pa mafunso a kumvetsa nkhani ndi chifupikitso, werengani mafunso kaye musanawerenge nkhaniyo, ndipo yankhani m'mawu anu. Pezani mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, muwalembe mutaika wotchi patsogolo. Chimangirizo chimodzi pa sabata, kuyambira Fomu 3, chochongedwa ndi munthu wina n'kuchilembanso mutakonza, chimaposa kuwerenga usiku wonse mayeso atatsala sabata.

Mwana wanga ndimuletse Chichewa pakhomo kuti Chingerezi chilowe msanga?

Ayi mayi, chonde musatero. Pa sukulu ina imene ndinaphunzirapo ndili mwana, ukagwidwa ukuyankhula Chichewa ankakukoleka kathabwa m'khosi. Unkayenda nako uku ukutchera khutu kuti umve mnzako wina akalakwitsa umupatsire, ndipo wotsala nako madzulo ankakumba dzenje la zinyalala. Chimene tinaphunzira si Chingerezi. Tinaphunzira kukhala chete ndi kuzondana. Mnzanga wina wanzeru kwambiri, amene ankatisimbira nthano pobwerera kunyumba, anangosiyiratu kuyankhula pasukulu mpaka anasiya sukuluyo.

Chingerezi n'chofunika, palibe wotsutsa. Chichewa ndi Chingerezi zakhala zikuyendera limodzi m'dziko muno kuyambira 1968, lamulo la maphunziro la 2013 limati Chingerezi ndicho chophunzitsira m'sukulu, ndipo mwana akafika Sitandade 5 mabuku ake onse, kupatula la Chichewa, amakhala a Chingerezi. Koma mwana amene amawerenga bwino Chichewa wadziwa kale kuti malembo amaimira maliwu, kuti nkhani ili ndi poyambira ndi pothera, kuti ndime imanyamula mfundo imodzi. Zimenezi sadzaphunziranso kachiwiri, amangosamuka nazo. Amene ndimavutika nawo kwambiri ku Fomu 1 ndi ana amene sawerenga bwino chiyankhulo chilichonse.

Muloleni acheze ndi agogo ake m'Chichewa chakuya. Madzulo mufunseni kuti akuuzeni mawu atatu a Chingerezi amene waphunzira lero, akuphunzitseni inuyo. Ngakhale inu musakudziwa Chingerezi, mwana amene waphunzitsa mayi ake mawu sawaiwala.

Ndili ndi zaka zoposa 40. Sindinachedwe?

Simunachedwe bambo. Lilime la wamkulu limavuta kupinda pa katchulidwe, koma wamkulu amamvetsa lamulo msanga kuposa mwana, ndipo amadziwa chimene akuchifunira. Muziphunzira mphindi 20 tsiku lililonse, osadumphitsa.

Kalata yofunsira ntchito ndiiyambe ndi kuimaliza bwanji?

Ngati dzina la wolandira simukulidziwa, yambani ndi "Dear Sir or Madam" n'kumaliza ndi "Yours faithfully". Ngati mwamutchula dzina, malizani ndi "Yours sincerely". Mawu oti "Yours" alibe kachizindikiro kam'mwamba pakati pa r ndi s, ndipo "faithfully" amayamba ndi lembo laling'ono.

Moni wathu wofunsa za kunyumba ndi za ana, wabwino pa kalata yopita kwa amalume, pano musamulembe. Musalembenso za mavuto anu, kuti ndinu mwana wamasiye kapena kuti chaka chino simunakolole. Ndikudziwa kuti n'zoona ndipo n'zowawa, koma wolemba ntchito akufuna kudziwa zimene mungamuchitire. Pansi pa moni ikani mutu wa kalata, kenaka chiganizo choyamba chinene ntchitoyo ndi kumene mwaiona: "I am writing to apply for the post of stores clerk advertised in The Nation." Ndime yachiwiri inene maphunziro anu ndi ntchito zimene munagwirapo, ngakhale kulemba kaundula wa kalabu ya alimi kapena kusunga ndalama za banki m'khonde, pakuti zimenezo ndi ntchito ndithu: "I kept the records of a farmers' club for three years." Ndime yomaliza ikhale ya mzere umodzi, "I am available for an interview at any time". Sainani, mulembe dzina lanu lonse pansi pake ndi nambala ya foni imene imagwira, ndipo musanaipereke mupatse munthu wina aiwerenge mokweza inu mukumvetsera.